Moni kwa A Pulasitiki

Anzake pa yunivesite ankamutchula kuti Changu, ndipo dzinalo silinali lomunamizira. M'kalasi yonse ya anamwino a chaka chachiwiri munalibe womuposa poyala bedi, kumanga bandeji kapena kusintha nsalu wodwala ali chigonere. Ena akamasakasaka kumene golovesi lakumanzere lalowera, iye ankakhala atamaliza kalekale, ataima pambali n'kumagwedeza mwendo ngati akudikira minibasi. Ndiye tsiku limene dzina lake linapezeka pa bolodi pakati pa anthu atatu olephera mayeso ochita ndi manja, kalasi yonse inangoti kukamwa yasa.

Mayesowo sanali ovuta kuwamva. Umalowa m'chipinda choyeserera, momwe muli mabedi anayi, makatani obiriwira ndi chidole chachikulu ngati munthu, chimene ophunzira anachipatsa ulemu pochitcha A Pulasitiki. Umawerenga khadi la wodwala, kenako m'mphindi zisanu ndi zitatu uwatembenuze A Pulasitiki kuti asachite zilonda zakumsana, uwaikire mapilo, uwafunditse. Changu anamaliza m'mphindi zinayi, ndipo anatuluka akudziwa mumtima mwake kuti palibe amene wamufika.

Lolemba m'mawa Sisita anamuitanitsa ku ofesi. Sisita anali mphunzitsi wawo, mayi wamfupi wa magalasi otsikira pamphuno, amene sankakweza mawu chifukwa panalibe pofunika kutero. Anamutembenuzira pepala la malikisi.

"Manja ako ndilibe nawo mawu," anatero. "Koma taona mizere ili ndi nyenyeziyi. Kupereka moni. Kunena kuti ndiwe ndani. Kufotokoza zimene wabwerera. Kupempha chilolezo. Kumuuza wodwala usanamusunthe. Yonse isanu ndakupatsa ziro, chifukwa sunatsegule pakamwa."

"Koma Sisita, si chidole chija?"

"Lero ndi chidole. Sabata yamawa ndi mayi ake a munthu. Unachitembenuza ngati thumba la simenti." Anatseka fayilo. "Ubwereza Lachisanu. Ukalepheranso, ku wodi supita ndi anzako, chaka chonse ubwereza. Si ine, ndi lamulo."

Changu anatuluka m'makutu mukulira. Chaka chonse chifukwa cha moni kwa chinthu chopanda ngakhale mapapo. Anatsika masitepe awiriawiri, nazungulira laibulale kawiri osalowamo, kenako anakakhala pabenchi n'kudzukapo asanapatenthetse. Mkwiyo unalipo, koma pansi pake panali mantha, ndipo manthawo ndi amene ankamuyendetsa.

Masana kunali kalasi ya chinenero. Wophunzira unamwino aliyense ankayenera kutenga phunziroli, lophunzitsa kuchotsa mawu a m'mabuku n'kuwaika m'chilankhulo choti wodwala amve. Ambiri ankaliona ngati kopumira. Mphunzitsi wake anali bambo wamtali wa jekete lofupika manja, ndipo ankamutchula kuti Bwerezani, chifukwa ndiwo mawu amene ankatuluka pakamwa pake kuposa ena onse. Tsiku limenelo anawagawa awiriawiri, wina namwino wina wodwala. Changu anagwera mnzake wogona naye chipinda chimodzi, mtsikana wotchedwa Wailesi, amene ankatha kucheza ngakhale ndi chitseko.

"Muuzeni wodwala wanu kuti mukufuna kumutembenuza," anatero Bwerezani ataima pambali pawo.

"Ndikufuna kukutembenuzani."

"Wodwala ameneyu mwamutola pamsewu? Bwerezani."

"Muli bwanji. Ndine wophunzira unamwino. Ndikufuna kukutembenuzani pofuna kupewa kuwonongeka kwa khungu."

"Mukuwerenga chikwangwani. Muyang'aneni. Bwerezani."

Anabwereza kanayi. Ulendo wachisanu Wailesi anadzigwira pamtima n'kunena ndi mawu a munthu wodwalika kuti, "Anesi, bola mungondisiya ndichite zilondazo," ndipo kalasi yonse inafa nacho chiseko. Changu sanaseke. Mawuwo ankawadziwa onse, koma akangoyang'ana munthu wogona chagada, manja ankayamba kuyabwa kuti agwire ntchito.

Lachiwiri analemba ziganizo zisanu za mizere ya Sisita ija pakapepala n'kumayenda nako paliponse. Ankaziloweza pamzere wa chakudya, pochapa yunifolomu, ngakhale m'kalasi ya mankhwala momwe anatuluka osalemba kanthu. Nthawi ya nkhomaliro anapempha kiyi wa chipinda choyeserera. A Pulasitiki anali pabedi lachiwiri, pakamwa pali pululu, maso ali kudenga. Changu anaima kumiyendo kwawo. Anasamba m'manja, anabwerera, anakasambanso. Atatsegula pakamwa panangotuluka kampweya, ndipo asanazindikire anali atapinda kale bondo la chidolecho, dzanja lina lili paphewa. Anachisiya chili chopendekeka n'kutuluka.

"Iwe vuto lako ndi manyazi," anatero Wailesi madzulo ake akusita diresi. "Uziganiza kuti ndi munthu amene umamudziwa, basi."

"Ndiye vuto lakelo," anayankha Changu.

Lachitatu masana anajomba kalasi n'kukwera minibasi ya kwawo. Bambo ake anali telala, ndipo anawapeza pamalo pawo pa masiku onse, pakhonde, akupalasa makina, tepi ili m'khosi, mapini atatu ali pakamwa. Anamuyang'ana pamwamba pa magalasi n'kulavulira mapiniwo m'dzanja.

"Pakati pa sabata? Akuthamangitsa?"

"Atsala pang'ono."

Anawafotokozera zonse ali chiimire, akutolatola tizidutswa ta nsalu pansi n'kumatiponya m'katoni. Bambo ake anamvetsera osamudula.

"Ndiye akunena zoona," anatero. "Ngakhale ine ndisanamuzungulize munthu tepi m'chiuno ndimayamba ndati, kwezani manja bwana. Ukangomugwira amadzidzimuka, muyeso n'kulakwika."

"Bambo, ndithandizeni. Mugone pabedi, mukhale wodwala wanga. Kwa anzanga kuja zikukanika."

M'nyumbamo bedi lotalika bwino linali limodzi lokha, la m'chipinda chakumbuyo. M'menemo ndi mmene amayi ake a Changu anagona zaka zitatu atagwidwa ndi sitiroko, osayenda, osalankhula, mpaka kumwalira. Changu anali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi pamene zinayamba. Ndiye ankawasambitsa asanapite kusukulu, kuwatembenuza akaweruka, kuwasintha nsalu. Manja amene kalasi yonse inkawasirira anawaphunzirira pabedi limenelo, ndipo zaka zonse zitatu amayi ake sanachite chilonda ngakhale chimodzi. Tsopano pabedipo pankakhala mipukutu ya nsalu. Anaichotsa, bambo ake anavula nsapato n'kugona chagada, tepi ikadali m'khosi.

"Muli bwanji," anayamba Changu, maso ali pakapepala. "Ndine wophunzira..."

Fungo la chipindacho linali lomwe lija. Zenera lomwe lija, lokana kutsekeka mbali imodzi. Mawu anathera panjira. Anapinda bondo la bambo ake, anapingasa mkono wawo pachifuwa, dzanja paphewa, lina pachiuno, ndipo m'kanthawi kochepa bambowo anali atayang'ana kukhoma, pilo ili kumsana.

Bambo ake sanatembenuke.

"Ndi momwemu," anatero akuyang'ana khoma. "Nthawi zonse ndinkangoonerera pakhomo. Lero ndamva mmene zinkamvekera."

"Ndakupwetekani?"

"Ayi. Sunapwetekepo munthu iwe. Koma sindinadziwe kuti ndikupita kuti. Ndangoona denga lachoka, khoma lafika." Anapuma. "Amayi ako ankamva, mwana wanga."

"Adokotala anati..."

"Adokotala anati satha kulankhula. Zakumva sananene. Masana iwe uli kusukulu ndinkabweretsa makina muno, ndinkawauza amene wabweretsa thalauza, amene wanenepa koma akukana. Ankaphethira. Nthawi zina mbali yabwino ija ya pakamwa inkasuntha. Koma akamva nsapato zako pakhonde, ankandigwira chala ichi n'kutsinzina."

Changu anakhala pansi, pasimenti penipeni.

"Ankandiopa?"

"Iwe ayi. Ankaopa kugwa. Munthu wosatha kudzigwira, ukamusuntha osamuuza amaona ngati akugwera m'dzenje. Ukamaliza n'kutuluka, maso awo ankakutsatira mpaka pachitseko."

"Bwanji simunandiuze?"

Apa bambo ake anadzuka n'kukhala m'mphepete mwa bedi. Anavula tepi m'khosi n'kuyamba kuikulunga pachala.

"Unali mwana, ndipo unkagwira ntchito imene ine inkandikanika. Ndinaona kuti watseka pakamwa kuti usalire. Ndinati ndikakuuza kuti uziyankhula nawo, ulira, ndipo ukalira nyumba ino igwa. Ndiye ndinakhala chete. Ndinalakwa."

Zinali zoona, ndipo Changu anadziwa kuti n'zoona. Sabata yoyamba ya matendawo anayesapo kunena kuti "Amayi, ndabwera," ndipo amayi amene ankayankha ngakhale asanafunsidwe anangomuyang'ana. Zinamupweteka kwambiri moti sanayesenso. Anasankha kukhulupirira kuti m'thupimo mulibe munthu, chifukwa thupi lopanda munthu umatha kulisambitsa n'kukafika kusukulu belu lisanalire. Pa minibasi yobwerera analira osabisa, ndipo mayi amene anakhala naye pafupi anangomusunthira kuti apeze malo.

Lachinayi silinayende. Analowa m'laibulale n'kutulukamo, anayamba kuchapa n'kusiya zovala m'beseni, anang'amba kapepala kaja kenako anatolanso zidutswa zake. M'kalasi ya chinenero anapempha kuti akhale wodwala, ndipo Bwerezani anamuyang'ana nthawi yaitali n'kuvomera osafunsa. Anagona patebulo, natsinzina, n'kumamvetsera Wailesi akumuuza chilichonse asanachichite. Anadabwa kuona kuti mapewa ake akumasuka okha.

Lachisanu anali wachiwiri pa atatu aja. Sisita anakhala pampando pakona, pepala pabondo, wotchi patebulo. Khadi linali lomwe lija la ulendo woyamba, ndipo Changu analiwerenga mpaka pansi. Mayi wa zaka makumi asanu ndi ziwiri. Sitiroko. Satha kulankhula koma amamva. Mawu awiri omalizawo analipo sabata yathanso, iye sanawaone.

Belu linalira. Anasamba m'manja, anakoka katani. Sanaime kumiyendo ayi, anapita kumutu n'kuwerama kuti nkhope yake ikhale pamene maso a chidolecho ankayang'ana. Anadikira. Manja ankafuna kuyamba, ndipo anawagwiranitsa kumbuyo.

"Amayi," anatero. Mawuwo anatuluka osasalala. "Ndine. Ndabwera."

Cholembera cha Sisita sichinasunthe. Changu ananena dzina lake lonse, ndi kuti ndi wophunzira unamwino.

"Mwagonera msana nthawi yaitali, ndiye ndikufuna ndikutembenuzireni kuzenera kuti msana upume. Ngati mwalola, phethirani kamodzi." Anadikiradi, akuyang'ana maso opakidwa utotowo. "Zikomo. Manja anga ndi ozizira pang'ono, pepani. Ndiyamba ndi bondo ili. Ndalipinda. Tsopano mkono uwu ndiuika pachifuwa. Ndikagwira paphewa ndi pachiuno ndiwerenga mpaka katatu. Simugwa. Ndakugwirani, ndipo sindikusiyani."

Anawerenga, n'kutembenuza pang'onopang'ono. Misozi inagwera pa yunifolomu koma analibe dzanja loipukutira. Anawauza za pilo ya kumsana asanaiike. Anawauza zimene zinkaoneka pazenera, kuti kunja kuli dzuwa ndipo wina wayanika matawulo pawaya. Zimenezo pa pepala la Sisita panalibe. Anali atangonyamula pilo ya pakati pa mawondo pamene belu linalira.

Kwa nthawi yoyamba chilowereni pasukulupo, Changu sanamalize ntchito pa nthawi yake. Lamulo linali lakuti belu likalira usiye zonse n'kutuluka. Iye anayang'ana mwendo umene unali lende, bulangete lili kumapazi.

"Belu limenelo si lanu, amayi," anatero. "Ndimalize kaye."

Anaika piloyo, anawongola phazi, anakoka bulangete mpaka paphewa n'kufunsa ngati agona bwino. Kenako anatsanzika ndi kutsegula katani. Sisita anali atavula magalasi.

"Zimene wachita belu litalira sindiwerengera," anatero. "Pilo yomaliza ndi kufunditsa, ziro. Wataya malikisi anayi." Anayendetsa cholembera pa mizere ya nyenyezi, umodzi umodzi, mpaka isanu. "Lolemba hafu sikisi, wodi ya amayi. Usachedwe. Itana wotsatira."

Panja Wailesi ankamudikira ndi mafunso khumi, koma Changu anangomugwira dzanja n'kumuuza kuti akamba madzulo. Anakwera minibasi yomwe ija. Bambo ake anali pakhonde atafulatira msewu, akupalasa makina, ndipo chifukwa cha phokoso sanamve nsapato zake. Anafika kumbuyo kwawo, dzanja litatambasuka kale kuti liwagwire paphewa, koma analiimitsa m'malere.

"Bambo, ndine," anatero. "Ndikufuna ndikugwireni paphewa."

Makina anaima. Bambo ake sanatembenuke, anangochotsa mapini pakamwa n'kuwaika patebulo.

"Gwira, mwana wanga," anatero. "Ndamva."