Nsengwa m'Chidebe cha Zinyalala

Wening, mzamba watsopano pachipatala china ku Java m'dziko la Indonesia, atangochiritsa mayi wina, analemba monyadira m'buku kuti "partus", mawu achilatini otanthauza kubereka. Nsengwa imene mwana anatuluka nayo anali ataiponya kale m'chidebe cha zinyalala.

Panja anapeza a Darsono, bambo a mwanayo, atanyamula kamphika kadothi ndi nsalu yoyera.

"Amayi, ndadzatenga nsengwa ija," anatero. "Paja pamwambo wathu nsengwa ndi mng'ono wake wa mwanayu. Dzenje ndakumba kale pafupi ndi chitseko."

Wening anazyolika, Chilatini chonse chitamuthera m'kamwa. Nayenso Wening atabadwa, nsengwa yake inakwiriridwa pakhomo pa bambo ake.

"Dikirani pang'ono, bambo."

Anakagwada pachidebe paja n'kuyamba kufukula ndi manja, akupemphera kuti a Darsono asasuzumire.