Kiyi wa Kabati ya a Jailosi

Zinanazi zikapsa sizidikira munthu. Sophie ankadziwa bwino zimenezi poti anakulira m'munda wa amayi ake kuseri kwa msika wa Chonde. Lachinayi limenelo milu ya zinanazi za alimi a m'bungwe inali pakhonde pa ofesi, fungo lake litayamba kale kusasa, ntchentche zikuchita phwando. Mulu wakumapeto unali wa amayi ake, a Rute, thukuta la chaka chonse.

Wogula wa ku Blantyre anali atanena kuti tsiku lobwera lole adzalitumiza pa imelo ya bungwe, chifukwa kampani yawo zapakamwa siifuna. Ndiye imeloyo ndi imene sinkafika. Makalata otuluka ankapita bwinobwino, koma olowa, zii.

Sophie, amene bungwe linamulemba ntchito yosamalira makompyuta, vutolo analiona tsiku loyamba lomwe. Lolemba kunagwa mvula ya ziphaliwali yochokera kuphiri, magetsi n'kuthima mwadzidzidzi. Atabweranso, rauta, kabokosi kamene kamalowetsa intaneti mu ofesi, inali itaiwala zonse zimene anaiuza. Makalata ankafika pa rautayo n'kusowa wowalozera njira yopita ku seva, kompyuta yosunga makalata a bungwe. Kukonza kwake kunali kosavuta: kulowa mu rauta, kutsegula khomo nambala 25 limene makalata amalowera, n'kuliloza ku adiresi ya seva. Basi. Ntchito yoti tiyi asanazizire yatha.

Koma pasiwedi yolowera inali pa kapepala kamene anamata kunsi kwa rautayo, rauta inali m'kabati, kabati inali ndi loko, ndipo kiyi wake anali m'thumba la a Jailosi, wapampando wa bungwe. Bambowa anaitsekera kuti anyamata a pamsika asamabe intaneti, ngati kuti intaneti amaba ndi manja. Lamlungu anawoloka malire kupita kumaliro a mlamu wawo ku Milanje, uko foni yawo sigwira, atatenga kiyi pamodzi ndi nambala ya wogula, imene ankaisunga okha ngati mankhwala.

Lachiwiri Sophie anatulutsa sikuludiraiva m'chikwama kuti amasule chitseko cha kabatiyo. Amayi ake, amene anabwera kudzatembenuza zinanazi zawo, anamugwira dzanja.

“Iwe, wapenga? Kabati ya akuluakulu eni ake ali pamaliro? Anthu adzati mwana wa a Rute ndi wothyola maloko. Dikira abwere.”

Anadikira. Ulemu umenewu, abale, nthawi zina umapha.

A Jailosi anatulukira Lachinayi dzuwa lili paliwombo, jekete paphewa. Ataona milu ili chikhalire, analowa mu ofesi akukalipa, dala mokweza kuti alimi panja amve.

“Iwe mtsikana, sukulu yonse ija unaphunzira chiyani? Ndachoka masiku ochepa chabe, makina ako afa. Ndinanena ine kuti ntchito iyi tilembe mwamuna wa ku Limbe!”

Sophie analuma mlomo, n'kutambasula dzanja.

“Pepani ndi zovuta, bambo. Ndipatseni kiyi.”

“Kiyi wa chiyani? Vuto ndi kompyuta yakoyo, osati kabati yanga.”

“Kiyi, bambo.”

Anapisa m'thumba mwaulesi, natsegula okha, chifukwa kiyi wa wapampando sagwiridwa ndi mwana. Sophie anatembenuza rauta, nawerenga pasiwedi, nakhala pa kompyuta. Chifukwa cha ukali analemba molakwitsa, n'kubwerezanso. Anatsegula khomo lija, naliloza ku seva, nasunga. A Jailosi anaima kumbuyo kwake akupumira m'khosi mwake, ngati kuti akumva chimene chikuchitika.

Patapita kanthawi makalata anayamba kugwa, amene anakhala akugogoda sabata yonse. Otsatsa feteleza, oitanira kumsonkhano ku Boma, kenako kalata ya wogula uja. Inalembedwa Lolemba madzulo. Lole idzafika pa Chonde Lachitatu m'mawa, yankhani kuti katundu wakonzeka ndipo mutiuze poima. Mukapanda kuyankha tikadzaza ku Thyolo.

Sophie anakumbuka lole yoyera imene anaiona dzulo lake itaima pamsewu waukulu, dalaivala akudya chimanga chootcha, kenako n'kutembenuka kubwerera. Iye anali pazenera pomwepa, sikuludiraiva ili m'chikwama. Anafuna kukuwa. Anakwiyira a Jailosi, anakwiyira amayi ake, koma kwambiri anadzikwiyira yekha pomvera.

A Jailosi anawerenga kalatayo akugwedeza milomo. Atamaliza anakhosomola, nakankha chitseko cha kabati, loko n'kulira kuti kwa! Kiyi anabwerera m'thumba lomwe lija.

“Chabwino,” anatero motsitsa mawu. “Pita ukawauze kuti netiweki inavuta. Zamakinazi anthu samva. Usatchule zambiri.”

Sophie anatsegula chikwama, natulutsa sikuludiraiva, nagwada pa kabati. Anayamba kumasula masikuluwu a chitseko, limodzilimodzi, osapupuluma.

“Iwe! Ukutani? Ndikukuchotsa ntchito lero lomwe!”

“Ndichotseni, bambo. Koma kabokosika sikagonanso m'ndende.”

Chitseko chinazuka, loko akulendewera. Anachinyamula n'kutuluka nacho pakhonde, pamene alimi anali atakhala pamthunzi akuingitsa ntchentche ndi masamba a nthochi. Anachiponya pansi pakati pawo, fumbi n'kuti kobo. Onse anaponya maso pa loko uja, kenako pa a Jailosi amene anaima pakhomo dzanja lili m'thumba.

A Rute anadzuka pang'onopang'ono akukonza chitenje. Chitsekocho sanachiyang'ane n'komwe. Anayang'ana mwana wawo.

“Nanga kalata ija yafika, mwanawe? Akuti lole ibwera liti?”

Sophie anayang'ana pansi. Pambali pa phazi la amayi ake chinanazi china chinali chitaphulika, madzi ake akuyenderera pasimenti.

“Inabwera dzulo, amayi.”