Swaibu Wogwera Anzake

Nkhaniyi ndinaimva kwa a Elliam, osoka nsapato pa Ngokwe, tsiku lina akusoka yanga.

Akuti kunabwera achinyamata a ku Balaka kudzajambula filimu yoseketsa, ya munthu amene ntchito yake ndi kugwera anzake m'mafilimu. Mwini sewerolo, Raymond, anali wa nkhope yosalala koma woopa kusupuka. Ndiye anapeza Swaibu wa kabaza kuti avale jekete ndi chipewa cha Raymond, atsetsereke ndi njinga mpaka pamsika, akagwere pa matumba a thonje. Lamulo linali limodzi: nkhope yake isaoneke.

Swaibu anagwa bwino, khu! Koma fumbi lisanathe, amayi ogulitsa tomato anali atamuunjirira kale. Mmodzi anamuvula chipewa n'kuyamba kumukupiza nacho.

"Amayi, tachokani! Tikujambula!" anakuwa Nelia, mtsikana amene ankatsogolera ntchitoyo.

"Iyayi mwanangu," anayankha a Dalesi, mkulu wa amayiwo. "Munthu wagwa, ife tizingomuyang'ana ngati mbuzi? Kwanu ku Balaka mumatero?"

Nelia anawafotokozera zonse, iwo n'kuvomera. Swaibu anagwanso. A Dalesi ndi awo, afika kale ndi madzi.

"Koma mwavomera pompano!"

"Wavomera ndi mlomo, mwanangu. Miyendo sinamve."

Nelia anayamba kulongedza. "Basi, tikajambulira kwina. Wogwa tikapeza komweko."

Swaibu, chigongono chikuchucha magazi, anaona kuti kugwa kwake konse kupita pachabe.

"Achemwali, tandionetsani kaye mmene ndagwera."

Nelia anatembenuza kamera, anthu n'kuunjikana. Ataona a Dalesi akuthamanga chitenje chili m'manja, Swaibu ali chagada akuwanong'oneza kuti, "Ndisiyeni amayi, ndili pantchito," msika wonse unafa ndi phwete. Nelia yemwe anapukuta misozi.

"Koma nkhopeyo si yanga!" anadandaula Raymond.

"Wakwata kwa mphezi saopa kung'anima, achimwene," anatero Swaibu. "Njinga nayi, tsikani nokha."

Raymond anayang'ana mtsetse uja, n'kuyang'ana mawondo ake. Filimu inatuluka Swaibu ali mwini sewero, a Dalesi ali pambali pake.

A Elliam amati masiku ano anthu amakana njinga zina, kudikira ya Swaibu. Zokhazo ine ndikukayika. Ndayenda kwambiri, koma sindinaonepo munthu wofuna kukwera njinga ya katswiri wa kugwa.