Kugunda Kwachinayi

Chigwere bambo ndi sitiroko kugalaja, dzanja lawo lamanja linangoti lende ngati nsanza. Adokotala sanatibisire: likapanda kuphunzitsidwa mwezi uno, liuma osabwereranso. Koma bambo anatembenukira kukhoma. Kampira kofinya komwe anawapatsa kuchipatala kanagubudukira kunsi kwa bedi, chakudya n'kumabwerera kukhitchini chitazizira.

"Ndawachonderera mpaka malovu auma," anatero mayi tsiku lachisanu ndi chinayi. "Akuti tiwasiye afe."

Ine kulankhula sindikutha. Ngakhale pagulu lathu loimba ndimaima kumbuyo ndi gitala, maso pansi. Koma nyimbo imodzi ndinapeka ndine, ya heve meto: magitala olira ngati makina odulira zitsulo, woimba akukuwa mpaka mitsempha ya m'khosi kutuluka, "Menyani, sindipindika!" Anzanga amati ndinatengera magulu akunja omwe timamvera pafoni. Magitalawo mwina. Koma ng'oma zake ndi nyundo ya bambo akamawongola chitseko cha galimoto, phokoso lomwe ndinakulira. Ndinamuphunzitsa Chigaza, woimba ng'oma wathu, pogogoda patebulo: kanayi, konse mwamphamvu.

Masana amenewo ndinalowa kuchipinda kwa bambo, n'kuika foni pampando.

"Bambo, ndinapeka nyimbo. Ndi yanu."

Ndinaiyatsa.

Mayi anatulukira akuthamanga. "Iwe, ukufuna kuwamaliziratu? Zimitsa ziwandazo!"

Ndisanaigwire foni, bedi linalira. Bambo anali atatembenuka, pakamwa pali popotoka, maso ali psuu.

"Akumenyayo... ndani?"

"Mnzanga, bambo. Ndi nyundo yanu ija."

"Yanga?" Mawu ankatuluka movutikira ngati msomali wadzimbiri. "Ameneyo... aphwanya galimoto ya eni ake."

Anatola supuni m'mbale ndi dzanja lamanzere, n'kuyamba kugunda chitsulo cha bedi. Katatu mwamphamvu, anatero, kachinayi pang'onopang'ono: pamenepo sukumenya, ukumvetsera ngati chitsulo chabwerera m'malo. Zaka zonsezi ndinkangomva phokoso, osadziwa kuti munthu amafunsa chitsulo.

Koma lamanzere silinagwirepo nyundo. Linkafulumira, linkaphonya. Anayesa kawiri, natukwana mawu omwe sindingalembe. Kenako anayang'ana dzanja lakufalo nthawi yaitali, nyimbo ikukuwabe pampando.

"Ndigwiritse."

Ndinaika supuni m'chikhatho chozizira, n'kupinda zala chimodzichimodzi, n'kugwira mkono. Katatu koyambako ndinamenya ndine, tonse tinkadziwa. Pachinayi ndinasiya.

Chala chachikulu chinanjenjemera. Supuni inakhala m'malere kamphindi, kenako inagwa pansi, ngwee.

Mayi anagwira pakamwa. Ine ndinadikira kuti bambo atembenukirenso kukhoma. Thukuta linkatsika m'masaya mwawo, akupuma ngati akwera phiri.

"Ukuyang'ana chiyani?" anatero. "Tola. Ndipo uyambitsenso phokoso lakolo."