Samusa za Lena m'mwezi wa Ramazani

Manyazi a Lena anali ochititsa chisoni. Samusa zake za nkhuku zinali zoti ukaluma umatsinzina, koma zoti aime pamsewu wa ku Malindi n'kufuula kuti "zotentha izi!", ayi ndithu, bola kumumanga. Ankangoika beseni pakhonde, iye n'kukabisala kuseri kwa chitseko. Zotsala ankamaliza mwamuna wake Basil, mpaka bambo wa anthu anayamba kudandaula chilungulira.

Anamupulumutsa ndi che Ajira, mayi wachisilamu wa nyumba yoyandikana, amene pakamwa pake sipadziwa tchuthi. Atalawa imodzi anawomba m'manja.

"Iii achemwali, zinthu ngati izi mukubisa? Ramazani ikuyamba mawa, anthu adzafuna chomasulira madzulo. Ndisiyireni ine."

Anajambula beseni lija n'kuponya pa gulu la WhatsApp la amayi a kumzikiti. Ali pafupi kutuluka anacheuka. "Nkhukuzi amakuzingirani ndi a Yasini, eti?"

A Yasini ndiwo ankazinga nkhuku ndi mbuzi mwachisilamu m'dera lonselo, ndipo ngakhale Akhristu ogulitsa zakudya ankapita nazo kwa iwo. Koma nkhuku za Lena ankapha ndi Basil kuseri kwa bafa, uku akung'ung'udza nyimbo za kwaya ya ku Anglican. Lena anangogwedeza mutu kuvomera.

Si kuti sanayese kukonza. Katatu konse ananyamula nkhuku kupita kumsika, koma a Yasini amakhala pakati pa chigulu cha azibambo osewera bawo, ndipo katatu konse anabwerera panjira thukuta lili kamukamu. Kutuma Basil kunali kuulula bodza, ndiye anangoti mawa, mawa.

Malonda anayenda, abale inu! Ikamakwana folo koloko amayi ankabwera ndi mbale zawo, milomo itauma ndi kusala. A Safia, mayi wokalamba wosala ngakhale amamwa mankhwala, anagwira manja a Lena n'kuwapempherera madalitso. Lena analowa m'khitchini n'kulira. Ankadziwa kuti akudyetsa anthu chinthu chimene sakanachikhudza n'komwe, ndipo mtima unkamutsutsa tsiku ndi tsiku.

Tsiku la khumi ndi chisanu la Ramazani che Ajira anabwera kudzanena za samusa za pa Idi. Lena anayang'ana pansi.

"Che Ajira, a Yasini sanazingepo nkhuku zanga. Amapha ndi bambo a kuno."

Che Ajira anakhala pa mtondo, n'kukonza mpango wake umene sunasokonekere.

"Amayi aja anandifunsa," anatero motsitsa mawu. "Ndinawauza kuti ndinaona ndi maso anga. Akhala akudya chifukwa ndanena ndine."

Anatulutsa foni, nadina pojambula mawu. "Asalamu aleikumu amayi. Za samusa zija, ndinakunamizani. Nkhuku zake si zozinga. Sindinafufuze bwino, wolakwa ndine, mundikhululukire."

Lena anali chiimire pafupi, moti akanangowerama pang'ono n'kunena kuti ayi, anandifunsa, wonama ndine. Mawuwo anali nawo kukhosi. Chala cha che Ajira chinakhalabe pa foni kanthawi ndithu, maso ali pa Lena, akudikira.

Lena anayang'ananso pansi, ndipo uthenga unapita.