Kagetsi ka pa Mita ndi Mkaka wa Mwana

A kampani ya magetsi ataika kabokosi pambali pa mita yathu, amuna anga anakondwa. Ine mtima unali pa firiji.

Ndinali nditayambiranso ntchito, ndiye m'mawa uliwonse ndinkafinya mkaka wa m'mawere n'kuusiya m'firijimo kuti apongozi azimwetsa khanda masana. Kabokosiko kali ndi kagetsi. Kakabiriwira, ndiye kuti magetsi a dzuwa ndi a mphepo achuluka, mtengo watsika. Kakafiira, mawaya a m'dera lathu alemedwa, ndipo kabokosiko kamazimitsa firiji kwakanthawi kuti mawayawo apume.

"Firiji yotseka imasunga kuzizira," anatero amuna anga. "Vuto lanu mumaitsegulatsegula ngati mukuzonda wodwala."

Koma tsiku lina mkaka unasasa. Apongozi anautaya, ndipo mwana analira ndi njala mpaka nditaweruka. Chinandizunguza mutu n'chakuti tsikulo dzuwa linaswa mtengo. Nanga kagetsi kanafiira bwanji masana onse?

Loweruka ndinakhala m'khitchini, mwana kumsana, maso pa kagetsi. Katangobiriwira ndinamva atelala, omwe amasoka pakhonde la pansi pafupi ndi kabokosi kawo, akukuwa: "Kabiriwiratu, eni nyumba!"

Nyumba yathu ndi yosanjikiza, mabanja ndi ambiri. Nthawi yomweyo ketulo ya oyandikana nafe inayamba kulira. Kwina makina ochapira, kusaluni choumitsira tsitsi, pakona owotcherera zitsulo. Ngakhale apongozi anathamangira simbi. Asanamalize kusita malaya amodzi, kagetsi kanafiira, firiji inangoti zii. Kanabiriwiranso, atelala anakuwanso, zinachitika zomwezo.

Ndinatsika masitepe, ngakhale sindine munthu woyamba anthu nkhani.

"Atelala, bwanji lero musakuwe?"

"Amake khanda, mukufuna kundilanda udindo? Ine ndiye tambala wa nyumba ino."

"Tambalayo akudzutsa tonse pamodzi. Ndikuganiza kuti tikayatsa zinthu nthawi imodzi, timawalemetsa tokha mawaya."

Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi, ulusi uli kukamwa. "Nanga dzuwa lonseli likupita kuti?"

"Kaya. Mwina magetsi alipo, koma njira yobwerera kuno ndi yopapatiza."

"Mwina," anatero mondiyeserera. Kenako anabaya singano pakolala. "Tiyese. Zikakanika mudzandigulire mankhwala a pakhosi."

Katabiriwiranso, atelala sanakuwe. Anagogoda zitseko za pansi zokha. Ataona kuti ochapa atsala pang'ono kumaliza, anakwera kukauza apamwamba. Mayi wa saluni anawanena kuti ali ndi tsankho, mpaka anagwirizana kuti mawa lake ayambe ndi iyeyo.

Ine ndinabwerera m'khitchini n'kutsamiritsa khutu pa firiji. Inkalira bwinobwino. Kagetsi kanafiira kamodzi kokha chakumadzulo, kwakanthawi kochepa.

Lolemba ndinalephera kupirira. Nthawi yopuma ndinabisala kuseri kwa ofesi n'kuimbira apongozi.

"Amayi, kagetsi kali bwanji?"

"Kobiriwira."

"Mkaka mwaununkhiza?"

"Ndaununkhiza, ndaulawa, mwini wake wamwa botolo lonse, wagona. Bwererani ku ntchito, mwana wanga, angakuchotseni."

"Nanga atelala?"

"Ali pano, akupuma. Akuti masitepe anuwa awathyola mawondo, ndiye kuyambira mawa ogogoda apamwamba ndine."