Lamba Woduka pa Katungwe

Woyendetsa katungwe wamkulu wa kumalo a masewera anali ndi lamulo lake: okwera akakuwa kwambiri ndiye kuti zikuwakomera, awonjezere liwiro. Tsiku limenelo mlongo wanga anakuwa mpaka mawu kusasa, chifukwa lamba womangira mwana wake anaduka ali m'mwamba. Anamugwira mwanayo ndi malaya, zikhadabo zikutuluka magazi, mkuluyo n'kumangowonjezera moto uku akuseka.

Katungwe ataima, mlongo wanga anandipatsira mwana, n'kuzula lamba uja. Chitsulo chake chinatera pakamwa pa mkuluyo, mano n'kumwazika pansi. Anagwa chagada akukuwa kuti pepani amayi.

Alonda anafika chothamanga, koma mlongo wanga sanacheuke n'komwe.

"Musiyeni akuwe," anatero akukwezanso lamba. "Zikumukomera."